Zitsulo za Titanic: Umboni wa Mapuleti ndi Misomali Yovuulidwa M'nyanja

Kwa zaka zoposa 70 anthu ambiri anali kukhulupirira kuti sitima ya pamadzi ya Titanic inamira cifukwa cakuti cimwala ca madzi oundana cinaing'amba m'nthiti ndi kusiya cibowo cotalika mamita pafupifupi 90. Zidutswa za citsulo zimene zinavuulidwa pansi pa nyanja ya Atlantic kuyambira mu 1991 zinapereka umboni wina. Akatswiri a za zitsulo ku Canada ndi ku America anazidula, anaziphwanya ndi kuziyang'ana pa maikulosikopu. Poyamba anaimba mlandu mapuleti a citsulo amene anapanga thupi la sitimayo. Patapita zaka zocepa mlandu unagwera misomali imene inali kugwira mapuletiwo pamodzi. Nkhani ino ifotokoza mmene anafikira pa mayankho awiriwa, ndiponso pamene umboni wao ukulekezera.

Sitimayo ndi ngozi yake

Titanic inamangidwa ndi kampani ya Harland and Wolff mumzinda wa Belfast ku Ireland, ndipo eni ake anali a White Star Line. Nchito yoimanga inayamba pa 31 March 1909. Inali yotalika mamita 269, ndipo panthawiyo panalibe sitima ina yoiposa kukula. Inanyamuka ku Southampton pa 10 April 1912 kulinga ku New York, ndipo panjira inaima ku Cherbourg ndi ku Queenstown. Usiku wa pa 14 April, nthawi ya 23:40, inagunda cimwala ca madzi oundana ndi mbali yake ya kumanja ca kutsogolo, ili pa liwiro la makilomita pafupifupi 41 pa ola. Inamira nthawi ya 02:20 m'bandakuca wa pa 15 April. Mwa anthu oposa 2,200 amene anali m'sitimayo, pafupifupi 1,500 anafa.

Kunsi kwa sitimayo kunali zipinda 16 zolekanitsidwa ndi makoma a citsulo ochinga madzi. Oimanga anawerengera kuti ikhoza kuyandamabe ngakhale zipinda zinai zoyambirira zitadzala madzi. Usikuwo madzi analowa m'zipinda 6. Mphuno ya sitimayo itayamba kutsika, madzi anali kusefukira pamwamba pa khoma limodzi ndi kugwera m'cipinda cotsatira, cifukwa makomawo sanali kufika pamwamba peni-peni.

Funso la akatswiri a za zitsulo ndi laling'ono poyerekeza ndi nkhani yonse ya ngoziyi. Iwo afuna kudziwa kuti madzi analowera pati, ndipo n'ciani cinagonja kuti alowe.

Mmene anali kulumikizira mapuleti

M'masiku amenewo sitima sizinali kuwocherera monga mmene amacitira lero. Thupi la Titanic linali la mapuleti pafupifupi 2,000, ambiri a iwo okhuthala masentimita 2.5 kapena kuposerapo, ndipo aakulu anali kufika mamita 9 m'litali. Mapuletiwa anali kusanjikizana m'mphepete, ndipo pamsoko pamene akumana anali kuboolapo mabowo ndi kulowetsamo misomali yonenepa imene amisiri amaicha maliveti. Msomali wotere umabwera ndi mutu umodzi. Amauwocha mpaka kufiira, amaulowetsa m'bowo, munthu wina amautsekereza kumbuyo, ndipo ena amaukhoma kutsogolo mpaka upange mutu waciwiri. Ukamazizira umafupika, ndipo kufupikako n'kumene kumakoka mapuleti awiriwo kuti agwirane zolimba. Amene anawolokapo ulalo wa pa Victoria Falls ku Livingstone, umene unamalizidwa mu 1905, anaona timitu tozungulira tondandalikana pa zitsulo zake. Luso lake ndi lomweli, ndipo ndi la nyengo imodzi-modzi. Titanic inali ndi misomali yotere pafupifupi 3 miliyoni, yolemera matani oposa 1,200.

Koma misomaliyo sinali ya mtundu umodzi. Pakati pa sitima, pamene thupi limapindika kwambiri likamakwera mafunde, anaikapo ya citsulo ca steel, ndipo anali kuikanikiza ndi makina amphamvu. Kumphuno ndi kumbuyo, kumene thupi ndi lokhota moti makinawo sakanakwanako, anaikako ya citsulo cosula, cimene akatswiri amacicha wrought iron, ndipo anali kuikhoma ndi nyundo pamanja. Cimwala ca madzi oundana cinagunda mbali imeneyi ya misomali yokhoma pamanja.

Cibowo cimene sicinapezeke

Munthu woyamba kukana nkhani ya cibowo cacikulu anali a Edward Wilding, katswiri wolemba mapulani a sitima ku Harland and Wolff. Pa kufufuza kumene boma la Britain linacita mu 1912, iwo anawerengera kuculuka kwa madzi amene analowa ndi nthawi imene anatenga, ndipo anapeza kuti mipata yonse pamodzi inali pafupifupi sikweya mita 1.1, kutanthauza kuti inali yocepa kuposa citseko ca nyumba. Cibowo ca mamita 90 cikanamiza sitimayo m'mphindi zowerengeka, osati m'maola awiri ndi mphindi 40. A Frederick Barrett, amene anali kuyang'anira osonkhezera moto m'cipinda ca 6 ca maboila, anacitira umboni kuti anaona madzi akulowa mwamphamvu m'mbali mwa sitima, pamwamba pang'ono pa pamene anali ataimirira. Komabe manyuzipepala ndi mabuku anapitiriza kujambula cibowo, popeza panalibe amene akanapita kukaona.

Sitimayo inapezeka pa 1 September 1985 ndi gulu lotsogoleredwa ndi a Robert Ballard a ku America ndi a Jean-Louis Michel a ku France. Inali pakuya mamita pafupifupi 3,800, makilomita pafupifupi 600 kucokera ku Newfoundland, itaduka pawiri, ndipo mbali ziwirizo zinali zotalikirana mamita pafupifupi 600. Vuto linali lakuti mphuno yake inazama m'matope mamita oposa 10, ndipo malo amene anagundidwa anakwiririka. Mu 1996 a Paul Matthias anagwiritsira nchito makina otumiza mawu amene amapyola m'matope ndi kubwerera. Makinawo sanaonetse cibowo. Anaonetsa mipata 6 yopapatiza, yotsatira misoko ya mapuleti. Patapita zaka 84, masamu a a Wilding anaoneka kuti anali pafupi ndi coonadi.

Yankho loyamba: citsulo cosweka ngati mbale

Mu 1991, paulendo umene unagwiritsira nchito tisitima tiwiri ta ku Russia toyenda pansi pa madzi tochedwa Mir, katswiri wa ku Canada, a Steve Blasco, anabweretsa kadutswa ka puleti kosaposa kukula kwa mbale yodyera. M'mphepete mwake munali mosongoka ngati mbale yadothi yosweka, ndipo sikanali kuoneka kopindika. Akatswiri a boma la Canada anakayesa ndi njira yochedwa Charpy.

Njirayi inachedwa ndi dzina la a Georges Charpy a ku France, amene anaifotokoza mu 1901, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Amadula kacitsulo kotalika mamilimita 55, kokhuthala mamilimita 10, ndipo pakati pake amatemapo kamphako. Kenaka nyundo yolemera yolendewera imamasulidwa kucokera pamwamba, imamenya kacitsuloko ndi kupitirira mbali ina. Ngati citsulo n'colimba bwino, cimayamba capindika cisanaduke, cimamwa mphamvu ya nyundo, ndipo nyundoyo siikwera patali. Ngati n'cosacedwa kusweka, cimathetheka nthawi yomweyo, ndipo nyundo imadutsa ngati palibe cimene yakhudza. Pomwe nyundo yafika ndi pamene pamauza akatswiri mphamvu imene citsulo camwa. Akaziziritsa tizitsulo tambiri mosiyana-siyana, amapeza mlingo wa kuzizira umene citsulo cimasiyira kupindika ndi kuyamba kusweka.

Usiku wa ngozi madzi anali ozizira madigiri 2 pansi pa ziro. Madzi a m'nyanja amafika pamenepo osaundana cifukwa ca mcere. Kadutswa ka Titanic, katazizira motero, kanasweka pawiri mosavuta, pamene steel ya masiku ano inangopindika. Anapezanso kuti kanali ndi sulufule wambiri. Nkhani inafalikira padziko lonse kuti thupi la Titanic linasweka ngati galasi.

Zidutswa zina zinavuulidwa mu 1996 ndi kutumizidwa ku University of Missouri-Rolla, kumene Pulofesa H.P. Leighly ndi anzao a Katherine Felkins ndi a A. Jankovic anazipima. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu January 1998 m'magazini ya akatswiri a za zitsulo yochedwa JOM. Puleti ya Titanic inali ndi kaboni 0.21 peresenti, manganizi 0.47 peresenti, fosifolasi 0.045 peresenti ndi sulufule 0.069 peresenti. Manambalawa ndi aang'ono, koma m'citsulo kusiyana kocepa kumasintha zambiri. Sulufule amafooketsa steel, ndipo nchito ina ya manganizi ndi kumanga sulufuleyo kuti asaononge. Motero akatswiri amayang'ana kuti manganizi aposa sulufule kangati. Mu puleti ya Titanic anali kumuposa ka 6.8 cabe, pamene mu steel ya masiku ano ya mtundu wa A36 imene anayerekeza nayo anali kumuposa ka 14.9. Pa maikulosikopu anaona timizere titali-titali ta manganizi wosakanikirana ndi sulufule, totambasuka motsatira mmene puleti inapsinjidwira kufakitale, ndiponso njere za citsulo zinali zazikulu kuposa kawiri za steel yatsopano. Njere zikakula, mng'alu umayenda mosavuta.

Mlingo umene citsulo ca Titanic cinali kuyamba kusweka unapezeka kuti ndi madigiri 32 cikayesedwa motsatira utali wa puleti, ndi madigiri 56 cikayesedwa mopingasa. Wa steel yatsopano unali madigiri 27 pansi pa ziro. Kunena kwina, pa mayeso a Charpy citsulo cimeneci cikanathetheka ngakhale pa tsiku lofunda bwino.

Kupimako kunaonetsanso mmene steel imeneyi inapangidwira. Inali ndi naitirojeni wocepa, cizindikilo cakuti sinapangidwe ndi njira ya Bessemer youzira mpweya m'citsulo cosungunuka. Kuculuka kwa sulufule ndi fosifolasi kunasonyeza kuti inacokera m'ng'anjo za mtundu wa open hearth zomangidwa ndi njerwa zimene sizitha kucotsa zinthu ziwirizi, ndipo ng'anjo zotere zinali zambiri ku Britain panthawiyo. Mapuleti ambiri a sitimayo anacokera ku fakitale ya David Colville and Sons ku Motherwell, ku Scotland. Gulu la a Leighly linaona kuti mwina iyi inali steel yabwino koposa imene womanga sitima akanagula pakati pa 1909 ndi 1911, ngakhale kuti lero siingaloledwe. Vuto la steel yosweka m'madzi ozizira linadziwika bwino pa nkhondo yaciwiri ya padziko lonse, pamene sitima zowocherera za ku America zinayamba kung'aluka, ndipo ina yochedwa Schenectady inaduka pawiri mu January 1943 ili cikhalire padoko ku Portland. Dr Constance Tipper a ku Cambridge anali mmodzi wa amene anafotokoza cifukwa cake. Omanga Titanic sakanayesa cinthu cimene cinali cisanadziwike.

Cifukwa cake yankho loyamba linakayikiridwa

Manambala a m'labotale anali oona, koma tanthauzo limene anthu anawapatsa linapitirira malire. Mayeso a Charpy amamenya kacitsulo kakang'ono kokhala kale ndi kamphako, mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu. Madzi oundana sanamenye Titanic motero. Anakhula m'mbali mwake kwa masekondi owerengeka, akukanikiza ndi kusiya, moti apaulendo ambiri anangomva kanjenjemero, ndipo ena sanadzuke n'komwe. Zidutswa za puleti zitapindidwa pang'ono-pang'ono m'malo ozizira, zinapindika kwambiri zisanaduke.

Umboni wina unali pansi pa nyanja pomwepo. Zithunzi zinaonetsa mapuleti ambiri opindika ndi okwinyika, cinthu cimene citsulo cosweka ngati galasi sicingacite. Mu August 1998 anavuula cidutswa cacikulu ca m'mbali mwa sitimayo, colemera matani pafupifupi 15, cimene cimadziwika ndi dzina lakuti Big Piece, ndipo naco cinali ndi malo opindika. Ndiponso palibe amene angatsimikize kuti kadutswa ka 1991 kanasweka pa kugunda kwa madzi oundana. Kanatoledwa pakati pa zinyalala zomwazika, ndipo kakhoza kukhala kuti kanasweka pamene sitima inali kuduka pawiri kapena pamene inagwa pansi pa nyanja. Pamenepo kusweka kwa steel kuyenera kuti kunacitikadi. Koma mipata 6 yotsatira misoko inali kuloza kwina: mapuleti sanabooke, anangolekana.

Yankho laciwiri: misomali

A Tim Foecke a ku National Institute of Standards and Technology ku America ndi amene anatembenukira ku misomali. Anayamba ndi iwiri cabe, ndipo lipoti lao linatuluka mu February 1998. Pambuyo pake anagwirizana ndi a Jennifer Hooper McCarty, amene anali kucita maphunziro a digiri ya PhD ku Johns Hopkins University, ndipo onse pamodzi anapima misomali 48 yovuulidwa. Anali kuidula m'litali, kuipala mpaka kunyezimira ngati kalilole, ndi kuijambula pa maikulosikopu kuti kompyuta iwerengere zimene zili mkati.

Kuti timvetse zimene anaona, tiyenera kudziwa mmene citsulo cosula cinali kupangidwira. Njira yake, imene a Henry Cort anaiyambitsa mu 1784, inali yodalira manja ndi maso a munthu. Mmisiri anali kuima pakhomo pa ng'anjo yotentha ndi kutakasa citsulo cosungunuka ndi mtengo wautali wa citsulo, mpaka kaboni atapsa ndi citsulo citaundana kukhala mibulu. Mibuluyo inali kutuluka itamwa slag, ndiko kuti zotsalira za miyala ndi mcenga zimene zimasungunuka m'ng'anjo ndi kuuma ngati galasi. Anthu a ku Copperbelt amaidziwa bwino slag, popeza cimulu cimene amacicha Black Mountain ku Kitwe ndi slag ya mkuwa yocokera m'ng'anjo za ku Nkana. Mbulu wa citsulo unali kupunthidwa ndi nyundo yaikulu kuti slag ifinyike, kenaka unali kupsinjidwa kukhala mindodo. Mindodoyo anali kuidula, kuisanja pamodzi, kuiwocha ndi kuipsinjanso. Akabwereza motero, slag inali kucepa ndipo yotsalayo inali kusanduka timaulusi tosalala. Ndiye cifukwa cake citsulo cinali ndi magiredi: nambala 3 inali kuchedwa best, ndipo nambala 4, yobwerezedwa kambiri, inali kuchedwa best-best.

Slag yocepa si vuto m'citsulo cosula. Cabwino cimakhala nayo pakati pa 2 ndi 3 peresenti, itamwazika m'timaulusi ting'ono-ting'ono. M'misomali yoyamba imene a Foecke anapima inali 9.3 peresenti, kuposa katatu mlingo woyenera, ndipo m'malo mwa timaulusi munali zingwe zikulu-zikulu. Misomali ina ya citsulo cosula mwa 48 ija inaonetsa zofanana, ngakhale kuti inali kusiyana kwambiri wina ndi unzake.

Cofunika kwambiri cinali kumene zingwezo zinali kulowera. Citsulo cosula cili ngati nsungwi. Kuikoka m'litali n'kovuta kuidula, koma kuing'amba motsatira ulusi wake n'kosavuta. M'thupi la msomali ulusi wa slag umayenda m'litali, mbali yomweyo imene msomali umakokedwa, ndipo pamenepo ndi wolimba. Koma mmisiri akamakhoma mutu waciwiri, citsulo cimafalikira m'mbali ngati bowa, ndipo ulusi umakhota ndi kugona mopingasa. Pakhosi pa msomali, pamene mutu ukumana ndi thupi, mphamvu yokoka imakhala ikulekanitsa ulusi ndi unzake. Slag ikakhala yambiri ndi yonenepa, pamenepo pamakhala pofooka kwambiri, ndipo msomaliwo ndi wokokedwa kale cifukwa ca kufupika kwake pozizira. Misomali yambiri imene inavuulidwa inalibe mutu.

Kulingana ndi akatswiri awiriwa, madzi oundana anakanikiza puleti mkati, puletiyo inakanula msoko, ndipo mutu wa msomali wofooka unathothoka. Katundu amene msomaliwo unali kunyamula anagwera oyandikana nao, ndipo naonso anathothoka motsatizana, monga mabatani a malaya othina. Iwo sanena kuti misomali yabwino ikanapirira yonse. Amati misoko ikanatseguka pang'ono, madzi akanalowa m'zipinda zocepa kapena mocedwa, ndipo mwina sitimayo ikanayandama mpaka thandizo litafika. Sitima ya Carpathia inafika pamalopo patapita maola osakwana awiri Titanic itamira.

Zimene mabuku a kampani anaonetsa

A McCarty anawerenganso zolembedwa zakale za Harland and Wolff ku Belfast. Panthawiyo kampaniyo inali ndi nchito yomanga sitima zitatu zikulu-zikulu, Olympic, Titanic ndi Britannic. Iwo anapeza kuti akulu-akulu a kampani anali kukambirana kawiri-kawiri za kusowa kwa amisiri odziwa kukhoma misomali, kuti kampaniyo inayamba kugula citsulo kwa osula ang'ono-ang'ono kuwonjezera pa amene inali kugulako kale, ndiponso kuti inaitanitsa citsulo ca nambala 3 ca misomali m'malo mwa nambala 4. Zonsezi zinalembedwa m'buku lao ndi a Foecke lochedwa What Really Sank the Titanic, limene linatuluka mu 2008.

Kampani ya Harland and Wolff inakana. Inanena kuti zipangizo zinalibe vuto, ndipo inapereka citsanzo ca Olympic, imene inamangidwa pambali pa Titanic ndi amisiri omwewo, ndipo inayenda panyanja zaka 24, kucokera mu 1911 kufika mu 1935. Olympic inagundana ndi sitima ya nkhondo ya HMS Hawke mu September 1911, inagunda dala ndi kumiza sitima ya pansi pa madzi ya ku Germany mu May 1918, ndipo inagundanso sitima younikira ya Nantucket mu 1934, koma sinamire. A David Livingstone, amene kale anali katswiri wa kampaniyo, ndipo n'zoonekeratu kuti si m'mishonale uja wa dzina lomweli, anatsutsanso bukulo, nanena kuti kusowa kwa anchito ndi zipangizo kunali kofala m'makampani onse aakulu omanga sitima.

Kutsutsa kumeneku kuli ndi mphamvu, ndipo pali kwina koposa. Misomali 48 ndi yocepa kwambiri pakati pa 3 miliyoni. Palibe ndi umodzi womwe umene unacotsedwa pa misoko imene madzi oundana anatsegula, popeza ikali m'matope. Msomali wopanda mutu wotoledwa pansi pa nyanja ukhoza kukhala kuti unautaya pa kuduka kwa sitima, pamene ngakhale misomali ya steel inagonja. Zimene maikulosikopu inatsimikiza n'zakuti misomali ina ya citsulo cosula inali ndi slag yambiri, ndiponso kuti msomali wotere ndi wofooka pakhosi. Zakuti kufookako n'kumene kunawonjezera ciwerengero ca zipinda zolowa madzi kucoka pa zinai kufika pa 6 ndi ganizo lomveka, logwirizana ndi masamu a a Wilding, umboni wa a Barrett ndi mipata ya 1996, koma likadali ganizo. Pa mayankho awiriwa, la misomali ndi limene likugwirizana ndi maumboni ambiri.

Tiyeneranso kukumbukira kuti citsulo sicifotokoza imfa za anthu 1,500 pacokha. Sitimayo inalandira macenjezo a madzi oundana tsiku lomwelo koma sinacepetse liwiro, ndipo inali ndi maboti opulumukira 20 okwana anthu 1,178 cabe. Zimene zinasinthidwa pambuyo pa ngozi zinakhudza mbali zimenezi. Olympic anaiwonjezera khoma laciwiri mkati ndi kukweza makoma ake ochinga madzi, ndipo mu 1914 maiko anasainirana pangano loyamba la citetezo ca anthu panyanja lochedwa SOLAS.

Dzimbiri, mcere ndi malamulo

Citsulo cimene cakhala m'nyanja zaka zambiri cimamwa mcere mpaka mkati. Cikatuluka ndi kukumana ndi mpweya, mcerewo umayambitsa mtundu wa dzimbiri wochedwa akaganeite, umene umatupa ndi kusenda citsulo m'magamba. Cinthu cimene capirira zaka 80 m'madzi cikhoza kuonongeka pamtunda m'nthawi yocepa. Motero zovuulidwa zimasungidwa zili zonyowa, kenaka zimaviikidwa m'madzi a soda kwa miyezi yambiri, nthawi zina akudutsitsamo magetsi ocepa kuti akoke mcere. Zinthu pafupifupi 1,800 zimene zinavuulidwa paulendo woyamba wa 1987 zinakonzedwa m'malabotale a kampani ya magetsi ya ku France ya EDF. Osunga zinthu zakale ndi opima zitsulo safuna cinthu cimodzi nthawi zonse, cifukwa msomali umene wadulidwa m'litali ndi kupalidwa subwereranso mmene unalili.

Cimene catsala pansi pa nyanja cikudyedwa. Mu 1986 a Ballard anaona dzimbiri likulendewera m'mbali mwa sitimayo ngati mizu, ndipo analicha rusticles. Mkati mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timafulumiza kuonongeka kwa citsulo. Mtundu umodzi, wotengedwa m'dzimbiri lovuulidwa mu 1991, unafotokozedwa mu 2010 ndi akatswiri a ku Dalhousie University ku Canada ndi a ku University of Seville ku Spain, ndipo unapatsidwa dzina lakuti Halomonas titanicae. Ulendo wojambula zithunzi wa mu 2024 unapeza kuti mbali ina ya mpanda wa citsulo wa pamphuno pa sitimayo inagwa.

Kuvuula zitsulo zina si nkhani ya makina okha. Anthu ambiri, kuphatikizapo a Ballard, amaona malowo ngati manda osayenera kusokonezedwa. Mu 1994 khoti la ku Norfolk m'cigawo ca Virginia linapatsa kampani ya RMS Titanic Inc. ufulu wovuula zinthu, ndipo zonse zimene zinatengedwa ndi pafupifupi 5,500, zomaliza mu 2004. Kuyambira mu April 2012, patakwana zaka 100, sitimayo inalowa pansi pa pangano la UNESCO la 2001 loteteza zinthu zakale za pansi pa madzi. Pangano lina la pakati pa Britain ndi America linayamba kugwira nchito mu November 2019, ndipo limapatsa maboma awiriwa mphamvu yololeza kapena kuletsa anthu ao kulowa m'thupi la sitimayo ndi kucotsamo zinthu. Kuti munthu afike pa misoko 6 ija ndi kucotsapo msomali, ayenera kukumba matope akuya m'mbali mwa mphuno imene dzimbiri laifooketsa kale, pamalo akuya makilomita pafupifupi anai, ndipo ayenera kuyamba walandira cilolezo.